Tsamba langa la zaulimi latha miyezi 5 koma anthu sakubwera, ndiyambire pati?

Wakudimba analemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi tsamba la pa intaneti lomwe ndimalembapo za ulimi m'Chichewa: kabzalidwe ka chimanga ndi soya, kasungidwe ka zokolola, matenda a nkhuku zachikuda ndi zina zotero. Lili pa WordPress, hosting ndi yotsika mtengo ija yogawana seva ndi anthu ena, domain ndi ya .com. Latha miyezi 5 ndipo nkhani zilipo 34.

Vuto ndi lakuti anthu sakubwera. Google Analytics, chida chowerengera alendo a pa tsamba, ikuonetsa anthu 10 mpaka 20 patsiku, ambiri mwa iwo akulembedwa pansi pa Direct. Ndikaika linki pa Facebook anthu amachita like, ena amayamikira m'makomenti, koma otsegula nkhaniyo ndi owerengeka. Ndalama zolipirira kutsatsa ndilibe. Nthawi yomwe ndingapatule ndi maola 7 pa sabata.

Ndifunse zitatu. Kodi ndiyambe kulemba tsiku ndi tsiku kuti nkhani zichuluke? Kodi Chichewachi ndi chimene chikundibweza m'mbuyo, ndisinthe ndizilemba m'Chingerezi? Nanga AdSense, malonda a Google aja oika pa tsamba kuti uzilandira ndalama, munthu amaifunsira tsamba likafika pati? Zikomo.

Kalulu265 analemba:

Achimwene, musanalembe nkhani ya nambala 35 tsimikizani kaye zinthu ziwiri: ngati Google ikuziona nkhani 34 zilipozi, komanso ngati tsamba lanu likutseguka pa foni ya mlimi. Masamba atsopano ambiri amafera pa ziwirizi mwini wake akuganiza kuti nkhani ndi zimene zachepa.

Yambani ndi chophweka. Lowani mu WordPress, pitani pa Settings kenako Reading, muone kabokosi kolembedwa kuti Discourage search engines from indexing this site. Omanga masamba amakonda kukachonga pamene akumanga n'kuiwala kuchotsa. Kakakhala kochonga, nkhani iliyonse imatuluka ndi chizindikiro cha noindex, ndiye kuti inu nomwe mukuiuza Google kuti isakulembeni m'kaundula wake. Mukatero lembani pa Google mawu akuti site: molumikiza ndi domain yanu popanda mpata. Zimene zituluke si chiwerengero chenicheni, koma zikakhala 3 kapena 4 pomwe nkhani zili 34, mwadziwa kale kuti china chake chatchinga.

Chiwerengero chodalirika chili mu Google Search Console, yomwe ndi yaulere. Sankhani mtundu wa Domain, akupatsani mzere wa TXT, mukauike mu DNS kumene munagula domain, mudikire pang'ono n'kudina Verify. Zikatheka pitani pa Sitemaps mupereke wp-sitemap.xml, fayilo ya mndandanda wa nkhani zanu zonse. Fayilo imeneyi WordPress imapanga yokha kuyambira pa version 5.5 ya mu 2020, koma ngati munaika plugin ya Yoast kapena ya Rank Math dzina lake ndi sitemap_index.xml. Pakatha masiku angapo tsegulani lipoti la Pages. Mupezamo mawu awiri omveka ngati ofanana pamene matenda ake ndi osiyana. Discovered – currently not indexed ndiye kuti Google yamva kuti nkhaniyo ilipo koma sinafikeko, kawirikawiri chifukwa palibe nkhani ina yolozako kapena seva ikuyankha mochedwa. Crawled – currently not indexed ndiye kuti inafika, inawerenga, koma sinaone chifukwa choisungira: nkhaniyo ndi yaifupi kwambiri kapena ikufanana ndi ina ya pa tsamba lanu lomwelo kapena la eni ake. Yoyambayo imachira ndi malinki a m'kati komanso liwiro, yachiwiriyo pafunika kuilembanso nkhaniyo.

Tsopano kulemera kwa tsamba, ndipo ine ndikukayikira kwambiri pamenepa. Chithunzi chochokera mu foni osachichepetsa chimakhala 3 MB mpaka 5 MB. WordPress imapanga timakope tating'ono, koma ma theme ambiri ndi ma slider (zithunzi zosinthana zokha zija) amaitanabe chachikulu chija. Munthu wa bandulo yaing'ono ya tsiku limodzi, ali kumene netiweki imachita kubwera n'kupita, amadikira masekondi angapo n'kutseka. Akatseka Analytics isanadzuke, simudziwa n'komwe kuti anabwera.

Chithunzi chilichonse chichepetseni chifike mapikiselo 1200 m'lifupi, muchisunge ngati WebP, chikhale pakati pa 60 KB ndi 150 KB. Squoosh imachita zimenezi mwaulere mu browser, ndipo WordPress imalandira WebP kuyambira pa 5.8. Chotsani slider ya pamwamba, kanema wodziyamba yekha, ndi kabokosi kaja koonetsa peji yanu ya Facebook m'mbali, chifukwa kokhako kamakoka JavaScript yambirimbiri. Font imodzi yakwana. Theme yopepuka ngati GeneratePress kapena zija zobwera ndi WordPress ndi zokwanira. Plugin ya cache, yosunga kope la tsamba kuti lizitseguka msanga, ikhale imodzi basi, ziwiri zimalimbana: LiteSpeed Cache ngati seva yanu ndi ya LiteSpeed, apo ayi WP Super Cache. Nkhani yonse pamodzi ndi zithunzi zake isapose 1 MB, ikatsika kufika 500 KB mwachita bwino.

Poyesa gwiritsani PageSpeed Insights, mbali ya Mobile. Musavutike n'kufuna mapointi 100. Yang'anani LCP, nthawi yomwe chinthu chachikulu cha pamwamba chimatenga kuti chioneke. Google imati masekondi 2.5 kapena kutsika ndiye zabwino. Koma mayeso enieni ndi foni ya Android yotsika mtengo, pa data ya Airtel kapena TNM, osati pa Wi-Fi ya ku ofesi. Muyesenso pa Opera Mini itayatsidwa kusunga data kwambiri: imadutsitsa tsamba pa maseva ake, ndipo ma menu odalira JavaScript nthawi zina sadinika n'komwe.

Kanthu kena kakang'ono. WordPress ikakhala pa English imalemba lang="en-US" pamutu pa tsamba pomwe nkhani ndi za Chichewa. Chizindikiro cha chilankhulo chathu ndi ny. Sichikukwezani pa Google, iyo imazindikira chilankhulo powerenga mawu enieniwo, koma chimathandiza browser kuti isasokonezeke pa zomasulira. Mumasintha ndi filter ya language_attributes mu functions.php ya child theme.

Nachisale analemba:

Zimene anena a Kaluluzi ndi zoyambira ndithu. Ine ndiyankhe funso loyamba ndi lachiwiri.

Kulemba tsiku ndi tsiku ayi. Pa maola 7, nkhani 7 ndiye kuti iliyonse yalandira ola limodzi, ndipo ola limodzi silikwanira kufunsa mlangizi, kujambula chithunzi chanuchanu ndi kutsimikiza milingo. Lembani imodzi pa sabata, yoyankha funso limodzi mpaka mlimi athe kukagwira ntchitoyo osafunsanso wina.

Mutu ngati "Kufunika kwa ulimi wa nkhuku" palibe amene amausaka. Munthu amagwira foni nkhuku zitayamba kugwa m'khola, ndipo amalemba zonga "nkhuku zikufa chitopa mankhwala". Nkhani yanu imupatse yankho m'mizere itatu yoyambirira: chitopa chikagwira chilibe mankhwala ochiza, chimapewedwa ndi katemera, katemera wa I-2 amadonthezedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ndipo amabwereza pakatha miyezi 3 mpaka 4. Zizindikiro, kupatula zodwala, kukwirira zakufa, kumene katemerayo amapezeka, zonsezo zibwere pansi ndi timitu take. Chimodzimodzi nkhani ya chimanga: masentimita 75 pakati pa mizere, 25 pakati pa mapando, njere imodzi pa phando, zimenezi zioneke munthu asanayambe kutsitsa tsamba. Malonje aatali aja timayamba nawo polankhula pa msonkhano, pa foni amathamangitsa owerenga.

Mutu usapose zilembo pafupifupi 60, kupitirira apo Google imaudula, ndipo liwu lofunikira likhale koyambirira. Samalani ndi mawu a matanthauzo awiri. "Mtengo wa mango" angakhale wobzala kapena wogulira, ndiye onjezerani "pa kilo" kapena "kabzalidwe" kuti wosakayo ndi Google yomwe adziwe zomwe zili m'kati. Samalaninso kalembedwe. Ena amalemba feteleza ena fetereza, ena mbewu ena mbeu. M'Chingerezi Google imadziwa bwino kuti mawu otere ndi amodzi, m'Chichewa siikhoza nthawi zonse. Sankhani kalembedwe kamodzi pa mutu, kenako kalembedwe kachiwiriko kaoneke kamodzi m'kati mwa nkhani pamalo oyenera. Komanso alimi amasakaniza zilankhulo posaka, choncho dzina lomwe lili pa paketi kapena lomwe alangizi amatchula, monga fall armyworm kapena Newcastle, litchulidwe m'nkhanimo.

Za kusintha chilankhulo, ine ndikuti khalani pa Chichewa. M'Chingerezi, funso lililonse la ulimi layankhidwa kale ndi FAO, mayunivesite, nyuzipepala ndi mabungwe okhala ndi masamba a zaka zambiri, ndipo tsamba la miyezi 5 silingawapitirire. M'Chichewa opikisana nanu ndi ochepa kwambiri. Dziwani chabe kuti osaka m'Chichewa pa Google nawonso ndi ochepa, ndiye Google ikupatsani anthu pang'onopang'ono, ambiri adzabwera kudzera mwa anzawo owatumizira linki. Chichewa chili ndi mwayi pamenepo: nkhani yomwe munthu angawerengere mayi ake mokweza popanda kumasulira imayenda m'magulu.

Pomwe olemba zaulimi ambiri amaphonya ndi nthawi. Nkhani ya pa tsamba laling'ono imatenga masabata isanakhazikike pa Google, choncho lembani masabata 6 mpaka 8 nyengo yake isanafike. Za kukonza munda, mbewu ndi feteleza zituluke mu September ndi October mvula isanagwe. Za mbozi zowononga chimanga zituluke mu November. Za anankafumbwe, kuumitsa chimanga ndi matumba a PICS zikhale zilipo pofika March, anthu asanayambe kukolola. Za katemera wa chitopa zilembedwe nyengo yozizira, chifukwa matendawa amavuta kwambiri kukatentha. Za mitengo yoyambira yomwe Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka ndi chaka, musamatsegule nkhani yatsopano chaka chilichonse. Khalani ndi tsamba limodzi la mitengo, linki yake isasinthe, muzingosintha manambala ndi kulemba pamwamba tsiku lomwe mwasintha. Linki imodziyo imasonkhanitsa mphamvu zaka zikamapita, pomwe nkhani zisanu zofanana zimalandana malo.

Search Console ikasonkhanitsa zinthu kwa mwezi, tsegulani Performance, muyatse Average position, muone Queries. Funani mawu omwe tsamba lanu likuoneka pa malo a 8 mpaka 20 ndipo ma impressions, maulendo omwe laonekera kwa osaka, alipo koma odina palibe. Pamenepo Google ikukuuzani kuti mwayandikira. Konzani mutu wa nkhaniyo ugwirizane ndi mawu omwe anthu akulemba, onjezerani chomwe chikusowa, kenako muike malinki olozako kuchokera m'nkhani zina ziwiri kapena zitatu. Ola lomwe mwathera pamenepa limabala kuposa ola lolembera nkhani yatsopano. Mwa nkhani 34 zija, zifupizifupi zokamba chinthu chimodzi ziphatikizeni zikhale imodzi yokwanira, malinki akalewo muwalondolere kumeneko ndi redirect ya 301, yomwe imatumiza wodina linki yakale ku yatsopano.

Ndipo chonde, musakopere nkhani za m'nyuzipepala kapena kutenga ya Chingerezi n'kuiponya mu Google Translate osaikonza. Kukopera kumaphwanya lamulo la Copyright Act la 2016 ndipo Google siikusunga nkhani yomwe ili nayo kale. Kumasulira kwa makina kukasokoneza mlingo wa mankhwala opopera, wovulala ndi munthu amene anakukhulupirirani. Mlingo uliwonse utengedwe pa lebulo ya botolo kapena kwa mlangizi, ndipo nenani m'nkhanimo kumene mwautenga.

Wakudimba analemba:

Zikomo kwambiri a Kalulu ndi mayi Nachisale. Kabokosi kaja sikanali kochonga, koma Search Console ikuonetsa nkhani 11 zokha zosungidwa, zambiri mwa zotsalazo zili pa Discovered. Tsamba loyamba likulemera 9 MB. Ndayamba kuchepetsa zithunzi. Chomwe sindinamvetsebe ndi Direct ija: kodi ndi anthu olemba okha dzina la tsamba langa? Nanga n'chifukwa chiyani a pa Facebook amachita like osatsegula?

Gologolo analemba:

Ayi achimwene, pa tsamba la miyezi 5 olemba okha dzina ndi ochepa. Direct ndi thumba lomwe Analytics imaponyamo aliyense amene sikudziwa kumene wachokera. Munthu akadina linki mu WhatsApp, kawirikawiri palibe chizindikiro chonena kuti wachokera kumeneko, ndiye amagwera mu Direct. Inunso muli momwemo: nthawi iliyonse mukatsegula tsamba kuti muone ngati nkhani yatuluka bwino, mumawerengedwa. Pa anthu 15 patsiku, maulendo anu okha angathe kusokoneza chithunzi chonse. Ngati munalumikiza Analytics ndi plugin ya Site Kit, onetsetsani kuti yasiya kuwerenga anthu omwe alowa mu akaunti ya WordPress. Mukaonanso alendo ochokera ku mzinda wakunja, nthawi yokhala pa tsamba 0, onse ofika pa tsamba loyamba, amenewo ndi maloboti, musawaike m'chiwerengero.

Kuti WhatsApp ioneke payokha, onjezerani kumapeto kwa linki mawu awa: ?utm_source=whatsapp&utm_medium=social&utm_campaign=chitopa, liwu lomalizalo muzisintha malinga ndi nkhani. Anthu akamatumizirana linkiyo, mchirawo umayenda nayo, ndipo mu lipoti la Traffic acquisition muona nkhani yomwe yayenda m'magulu. Pa Facebook chitani chimodzimodzi, source ikhale facebook. Mchira umenewu ndi wa malinki otumiza kunja okha, musauike pa malinki a m'kati mwa tsamba.

Za like wopanda kutsegula, chifukwa chachikulu kwathu kuno ndi bandulo. Anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha. Uthenga wanu amauona bwinobwino, koma akadina linki foni imafuna data wamba yomwe alibe, tsamba silitseguka kapena mayunitsi ayamba kudyeka. Munthu wotere sanakane nkhani yanu. Ndiye uthenga wongoti "werengani zambiri apa" sumuthandiza, ndipo sautumiza kwa wina. Lembani yankho lenileni mu uthengamo, mizere 5 kapena 6 yokhala ndi manambala ofunikira ndi dzina la tsamba lanu, kenako linki pansi mukunena chomwe chili kumeneko chomwe mu uthenga mulibe: zithunzi za zizindikiro, tebulo la milingo, mitengo ya misika ina. Ena amaopa kuti akapereka yankho anthu sadina. Odina ndi omwe ali ndi data, ndipo iwowo amadina kwambiri akaona kuti wolembayo akudziwa zomwe akunena. Opanda data amatumiza uthengawo kwa ena, dzina lanu n'kumayenda.

Linki ikhale ndi kachithunzi ndi mutu ikafika mu WhatsApp. Zimenezi zimachokera ku ma tag a Open Graph: og:title, og:description ndi og:image. Yoast ndi Rank Math zimaika zokha mukasankha featured image. Chithunzicho chikhale 1200 ndi 630, chisapose 300 KB, ndipo ichi chokha ndi bwino chikhale JPEG. Chikalemera, linki imafika yopanda nkhope, yooneka ngati ija ya akuba a pa intaneti, ndipo anthu anaphunzira kale kuiopa. Mukasintha chithunzi Facebook n'kumaonetsabe chakale, ikani linkiyo mu Sharing Debugger mudine Scrape Again.

Pansi pa nkhani iliyonse ikani batani limodzi lotumizira pa WhatsApp. Silifuna plugin, ndi linki wamba ya wa.me/?text= yotsatizana ndi mutu ndi linki ya nkhaniyo.

Kenako muwapatse anthu njira yobwererera, chifukwa wobwera kamodzi n'kupita sakulitsa tsamba. Imelo kwa alimi sigwira kwenikweni. Pa WhatsApp njira zilipo zitatu. Broadcast imalola anthu 256 ndipo uthenga umafika kwa okhawo omwe anasunga nambala yanu. Gulu limafika anthu 1024, mafunso amabwera ambiri omwe angasanduke nkhani, koma manambala a onse amaonekera ndipo popanda malamulo limadzaza ndi otsatsa zawo. Channel, yomwe inafika m'mayiko ambiri mu September 2023, imabisa manambala, olemba ndi inu nokha, otsatira amangoika zizindikiro ndi kuvota. Pa maola 7 ine ndingasankhe Channel, linki yake ikhale pamwamba ndi pansi pa nkhani iliyonse. Mauthenga awiri kapena atatu pa sabata akwana. Yesaninso mawu ojambula a mphindi imodzi, chifukwa si onse amene amawerenga momasuka.

Musalowetse anthu m'gulu osawafunsa, ndipo manambala omwe mwapatsidwa musapereke kwa wogulitsa mbewu kapena wina aliyense. Dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024, komanso anthu akadina Report kangapo nambala yanu ingatsekedwe. M'magulu a eni ake pemphani kaye admin, ndipo linki muziika poyankha funso lomwe lafunsidwa. Anthu oyamba kuwafikira pamaso ndi alangizi a m'dera lanu, atsogoleri a makalabu a alimi ndi a makopaletivu. Mlangizi mmodzi akaona kuti nkhani yanu ya katemera ndi yolondola, amaitumiza m'magulu omwe inu simungalowemo.

Zowerengera zikhale zitatu, Lamlungu lililonse, m'kope: odina kuchokera ku Google mu Search Console, obwera kudzera pa malinki a WhatsApp, ndi otsatira Channel. Kuyang'ana tsiku lililonse pa chiwerengero chochepa chonchi kumangosokoneza mutu. Lowaninso mu Admin ya Analytics musinthe Data retention ichoke pa miyezi 2 ifike 14, kuti chaka chamawa mudzathe kufananitsa nyengo ndi nyengo.

MlondaWaSeva analemba:

Funso lachitatu palibe waligwira. AdSense ili ndi mndandanda wa zilankhulo zomwe imalola, ndipo Chichewa mulibemo. Tsamba lomwe nkhani zake zambiri zili m'chilankhulo chosaloledwa amalikana, ndipo kuika khodi yawo pa masamba otere n'kuphwanya malamulo awo. Ena amalemba nkhani zingapo za Chingerezi kuti avomerezedwe kenako n'kufalitsa malondawo pa tsamba lonse. Musayese, akaunti ikatsekedwa kuibweza n'kovuta.

Ngakhale akanalola, tawerengani. Anthu 20 patsiku, aliyense atsegule nkhani ziwiri, ndi masamba 1,200 pa mwezi. Tingoyerekeza kuti masamba 1,000 akupatsani dola imodzi. AdSense imalipira ndalama zikafika madola 100, ndiye mungadikire zaka pafupifupi 7. Pamwamba pake malondawo amabweza kulemera konse komwe mukuchotsaku, ndipo data yake amalipira ndi mlimi.

Ndalama ya tsamba ngati lanu ili pafupi: wogulitsa zipangizo zaulimi wa m'boma lanu, woswetsa anapiye, wogula nandolo kapena soya. Amenewa safuna anthu zikwizikwi a dziko lonse, amafuna alimi mazana angapo a m'dera lomwe iwo amafika. Channel ikakhala ndi otsatira mazana angapo okhazikika, mungawaonetse manambala a m'kope lija, mugwirizane mtengo wa pa mwezi, alipire pa Airtel Money kapena Mpamba. Chikwangwani chake chikhale chithunzi chimodzi chopepuka chosungidwa pa seva yanu, cholembedwa poyera kuti "Malonda", ndipo linki yake ikhale ndi rel="sponsored". Wolipirayo asakulembereni malangizo. Tsiku lomwe alimi adzazindikire kuti mankhwala mumawayamikira chifukwa cha ndalama, ntchito yonse yagwa.

Mudzalandiranso mauthenga a anthu olonjeza ma backlink (malinki a pa masamba ena oloza kwanu) 1,000 kapena alendo 10,000 pa mtengo wochepa. Alendowo ndi maloboti, ndipo kugula malinki n'koletsedwa m'malamulo a Google a spam. Linki imodzi yochokera pa tsamba la bungwe la alimi kapena la wailesi ya m'dera, yobwera chifukwa nkhani yanu yawathandiza, ndiye yomwe ili ndi ntchito.

Tetezaninso zomwe mukumangazi, chifukwa masamba ambiri ang'onoang'ono safa ndi kusowa owerenga, amafa ndi zinthu izi. Domain ikhale m'dzina lanu ndi imelo yanu, osati ya amene anakumangirani tsamba. Lembani tsiku lomwe ithere ndipo lipirani mwezi wathunthu lisanafike: .com imalipiridwa m'madola, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuno khadi ingakane pa tsiku lomaliza. Satifiketi ya https ya Let's Encrypt imakhala masiku 90 n'kudzikonzanso yokha, koma nthawi zina imalephera, ndipo browser imaonetsa chenjezo lofiira lomwe limabweza aliyense pakhomo. Backup ichitike sabata iliyonse ndi UpdraftPlus kupita ku Google Drive, osati kusungidwa pa seva yomweyo, ndipo muyese kuibwezeretsa kamodzi kuti mudziwe kuti imagwira. Theme kapena plugin yolipira yomwe mwaipeza mwaulere pa masamba achilendo musaike, zambiri zimabwera ndi khomo lobisika, ndipo tsiku lina mudzapeza Google ikuonetsa malonda a juga pansi pa dzina lanu. Dzina lolowera lisakhale admin, ndipo yatsani chitsimikizo chachiwiri cha pa foni.

Pomaliza pakhale tsamba lonena kuti ndinu ndani ndi mmene munthu angakupezereni. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limafuna kuti ofalitsa nkhani pa intaneti aonetse poyera amene akuyendetsa tsambalo, ndipo mlimi nayenso amafuna kudziwa amene akumulangiza.

Kalulu265 analemba:

A Wakudimba, poti zambiri zili pa Discovered, musathamangire kudina Request indexing pa nkhani 23 zonse. Batanilo lili ndi malire a patsiku ndipo silichotsa chomwe chayambitsa vutolo. Tsitsani kaye 9 MB ija. Kenako onani ma tag: ngati nkhani iliyonse munaipatsa ma tag 5 kapena 6 osiyanasiyana, mwapanga masamba oposa 100 opanda kanthu omwe Google ikutayirapo nthawi. Siyani magulu 4 kapena 5 okha, monga chimanga, nyemba ndi soya, ziweto, kasungidwe, mitengo, ndipo masamba a ma tag muwaike noindex. Tsamba loyamba liloze ku magulu amenewa, gulu lililonse liloze ku nkhani zake, kuti nkhani iliyonse ifikiridwe ndi kudina kosaposa katatu. Mukatero pemphani indexing pa nkhani 5 zomwe nyengo yake yayandikira.

Wina angakuuzeni kuti musamukire ku .mw kuti muzioneka bwino kuno. Domain ya .mw, yomwe kaundula wake amasunga a Malawi SDNP, ndi yabwino poyamba tsamba latsopano, koma kusamuka panopa kukufunani ma redirect a nkhani zonse ndi kudikiranso Google, komanso owerenga Chichewa ali ku Chipata, ku Tete ndi ku Johannesburg komwe. Khalani pa .com.

Maola 7 aja ndingawagawe chonchi: sabata ziwiri zoyambirira onse apite ku zithunzi, theme ndi ma tag. Kuyambira sabata yachitatu, maola 4 nkhani yatsopano imodzi, ola limodzi kukonza yakale, ola limodzi ndi theka WhatsApp ndi kuyankha mafunso, theka la ola backup ndi manambala. Lipoti la Pages limachedwa kusintha, ndiye muliyang'anenso pakatha masiku 28. Ngati pofika pamenepo nkhani zosungidwa zikadali pa 11, tumizani pano zomwe URL Inspection ikunena pa nkhani imodzi yokanidwa, makamaka mizere ya Referring page ndi Google-selected canonical.